Mbiri ya a Edward Bullard, munthu amene anathandiza kutsimikiza kuti nthaka imayenda



Mwezi uno pa gawo lathu la mbiri za anthu tikukamba za katswiri wina wa sayansi wa ku England, a Edward Bullard, amene anamwalira mu 1980. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa kuti munthu ameneyu akutikhudza bwanji ife a ku Bolero. Dikirani kaye. Amene munatenga Jogalafe mukukumbukira mutu uja wa plate tectonics, wonena kuti chikhungwa cha dziko lapansi ndi chogawikagawika m'zibenthu zikuluzikulu zimene zikuyenda pang'onopang'ono. M'kalasi timauzidwa zotsatira zake, koma nthawi yofotokoza mmene anthu anadziwira zimenezi imachepa. Palibe amene anaonapo ndi maso kontinenti ikusuntha. Umboni wake unachokera ku zinthu zitatu: mphamvu imene imakokera zinthu pansi, maginito a dziko, ndi zimene zili pansi pa nyanja zamchere. A Bullard anagwira ntchito pa zitatu zonsezi, ndipo ulendo wawo unayambira m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, chomwe nyanja yathu ya Malawi ili mbali yake.

Mwana wa banja lofulula mowa

A Bullard anabadwa pa 21 September 1907 mu mzinda wa Norwich. Banja lawo linali lochita bwino chifukwa linali ndi kampani yofulula mowa yotchedwa Bullard & Sons. Anzawo ankangowatchula kuti Teddy, ndipo dzinali linawakanirira mpaka ukalamba. Iwo sanalowe bizinesi ya makolo. Atamaliza sukulu ya Repton anapita ku Clare College, ku yunivesite ya Cambridge, kukaphunzira Fizikisi. Kumeneko anachita kafukufuku mu Cavendish Laboratory, imene inkatsogoleredwa ndi a Ernest Rutherford, katswiri uja amene anatulukira kuti atomu ili ndi kachimake pakati.

Aliyense akanaganiza kuti mnyamatayu adzakhala katswiri wa ma atomu. Koma mu 1931 dziko lonse linali pa mavuto aakulu a zachuma ndipo ntchito zinkasowa, ngakhale kwa anthu a madigiri. Panapezeka mpata mu dipatimenti ina yaing'ono kwambiri ya pa Cambridge pomwepo, yoyeza dziko lapansi, imene mkulu wake anali a Gerald Lenox-Conyngham. A Bullard anaulandira mpatawo. Inu amene mwalemba MSCE ndipo mukudikira chochita, mfundo iyi muisunge: ntchito imene inawatchukitsa anailowa chifukwa ina kunalibe.

Ulendo wa kum'mawa kwa Africa

Mu 1933 ndi 1934 a Bullard anayenda m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, limodzi ndi akazi awo a Margaret, kukayeza mphamvu yokoka ya dziko m'malo osiyanasiyana. Mwina mukudabwa, popeza mwala ukagwa ku Bolero ndi ku Mzuzu umagwa chimodzimodzi. Zoona, ndi maso sungaone kusiyana. Koma kusiyana kulipo ndithu, kochepetsetsa. Pamene pansi pali miyala yolemera, mphamvu yokoka imakwera pang'ono. Pamene pali miyala yopepuka kapena matope ambiri, imatsika pang'ono.

Chida chawo chinali pendulum, kachitsulo kolendewera kamene kamapita uku ndi uku ngati katungwe. Pamalo pamene mphamvu yokoka ndi yochuluka, kachitsuloka kamafulumirako pang'ono. Vuto ndi lakuti kusiyanako n'kochepa zedi moti wotchi wamba sangakugwire. Choncho a Bullard ankagwiritsa ntchito zizindikiro za pa wailesi poyerekeza tizitsulo timene anali nato m'tchire la Africa ndi tinzake timene tinatsala tikugwedezeka ku Cambridge pa nthawi yomweyo.

Zotsatira anazisindikiza mu 1936. Anapeza kuti m'kati mwa zigwa za Rift Valley mphamvu yokoka ndi yotsika kusiyana ndi pa mapiri a m'mbali. Ndiye kuti pansi pa chigwa pali zinthu zopepuka. Apa ndiye panali nkhani. Chinthu chopepuka chimayenera kuyandama, ngati chigubu chopanda kanthu m'madzi. Nanga bwanji chigwacho chili pansi? A Bullard anaganiza kuti mbali ziwiri za chigwa zikukankhana n'kupanikiza chapakaticho kuti chisadzuke, monga mmene munthu angakanikizire chigubu chija ndi manja.

Manambala awo anali olondola, koma tanthauzo lake analiphonya. Lero tikudziwa kuti mbali ziwirizo sizikukankhana, zikutalikirana. Chapakati chikutitimira chifukwa nthaka ikukokedwa n'kung'ambika. Kupepukako kumabwera chifukwa cha matope ndi mchenga zimene zadzaza m'chigwa kwa zaka mamiliyoni, komanso miyala yotentha imene yakwera kuchokera pansi. Ndaifotokoza mbali imeneyi mwadala, chifukwa munthu yemweyu ndi amene anadzathandiza kubweretsa umboni wogwetsa ganizo lake lomwe.

Nkhondo ndi maginito

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939, Germany inkatchera mabomba a m'madzi amene ankaphulika akangomva maginito a chitsulo cha sitima ikudutsa pamwamba. Sitima zambiri za Britain zinamira. A Bullard anapita kukagwira ntchito ndi asilikali a pamadzi, m'gulu limene linkafunafuna njira yozimitsira maginito a sitimazo. Njira yake inali yozunguliza mawaya a magetsi pa thupi la sitima, kuti maginito ochokera ku magetsiwo afafanize maginito a chitsulo. Bomba likakhala pansi silinkadziwanso kuti pamwamba padutsa sitima. Mu 1941, ali ndi zaka 33 zokha, anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe lakale kwambiri la akatswiri a sayansi ku Britain.

Nkhondo itatha, mutu wawo unali udakali pa maginito, koma tsopano a dziko lenilenilo. Tonse tikudziwa kuti singano ya kampasi imaloza kumpoto. Koma maginito amenewa amachokera kuti? Sizingatheke kuti pakati pa dziko pali chimaginito cholimba, chifukwa kumeneko n'kotentha kwambiri, ndipo chitsulo chikatentha mopyola chimataya maginito ake. A Bullard, monganso katswiri wina a Walter Elsasser, anafotokoza kuti pakati pa dziko pali chitsulo chosungunuka chimene chimayenda mozungulirazungulira, n'kumapanga magetsi, magetsiwo n'kumapanga maginito. Amene munakwerapo njinga ya dayinamo mwamva msanga: tayala likamazungulira, nyali imayaka. Mu 1954 iwo ndi a Harvey Gellman anayesa kuwerengera zimenezi pa kompyuta, pa nthawi imene makompyuta anali aakulu ngati chipinda. Pa zaka zimenezi a Bullard anakhalako pulofesa ku Toronto kuyambira 1948, kenako mkulu wa National Physical Laboratory kuyambira 1950 mpaka 1955, ndipo mu 1953 anapatsidwa ulemu wa Sir.

Kuyeza kutentha pansi pa nyanja

Kale mu 1939 a Bullard anali atasindikiza zimene anapeza poyeza kutentha m'mijigo yakuya ya ku South Africa. Anthu akwathu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni amanena okha kuti ukamatsika pansi kumanka kutenthera. Kutenthako kumachokera m'kati mwa dziko. Funso la a Bullard linali lakuti nanga pansi pa nyanja zamchere, pamene madzi ndi akuya makilomita anayi kapena asanu, kutentha kumatuluka kochuluka bwanji?

Mu 1949 ali ku Scripps, ku California, iwo ndi a Arthur Maxwell anakonza chida chooneka ngati mkondo wautali wachitsulo. Chidachi amachitsitsa ndi chingwe kuchokera pa sitima, chimazika m'matope a pansi pa nyanja, n'kuyeza kusiyana kwa kutentha pakati pa kunsonga ndi kumtunda kwake. Akatswiri ankayembekezera kuti pansi pa nyanja padzatuluka kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi pamtunda. Sizinatero. Kutenthako kunali kofanana ndithu, ndipo atayeza malo ambiri anaona kuti kumachuluka pa mitandadza ya mapiri imene ili pakati pa nyanja. Chinachake chotentha chinali kukwera pamenepo.

Pa nthawi yomweyo ku New York kunali mayi wina, a Marie Tharp, amene ankajambula mapu a pansi pa nyanja ya Atlantic pogwiritsa ntchito miyeso ya kuya imene sitima zinkabweretsa. Mu 1952 anaona kuti pamwamba pa mtandadza wa mapiri wa pakati pa Atlantic pali chigwa chong'ambika, chofanana ndi cha kum'mawa kwa Africa. Taonani mmene chigwa chathu chikubwereranso m'nkhaniyi.

Kusintha maganizo

Ganizo loti makontinenti amayenda silinali lachilendo. A Alfred Wegener a ku Germany analinena mu 1912, ndipo anamwalira ku Greenland mu 1930 anthu ambiri asanawakhulupirire. A Alexander du Toit a ku South Africa anawaikira kumbuyo, poonetsa kuti miyala ya kum'mwera kwa Africa ikufanana ndi ya ku South America. Koma akatswiri a Fizikisi, makamaka a ku Cambridge komweko, ankati palibe mphamvu imene ingakankhe kontinenti yonse. A Bullard nawonso kwa zaka zambiri sankaligwirizana nalo ganizoli.

Chimene chinawatembenuza ndi maginito. Mwala wochokera ku chiphalaphala chotentha ukamazizira, tizitsulo tam'kati mwake timaloza kumene maginito a dziko akuloza pa nthawiyo, ndipo timauma choncho. Mwalawo umakhala ngati kampasi youma. Akatswiri monga a Keith Runcorn ndi a Ted Irving atayeza miyala yakale ya m'makontinenti osiyanasiyana, anapeza kuti makampasi oumawo sakugwirizana pokhapokha makontinentiwo atabwezedwa pamodzi. Anapezanso kuti maginito a dziko akhala akutembenuka kambirimbiri, kumpoto kukhala kum'mwera. Komaliza zinachitika zaka pafupifupi 780,000 zapitazo.

A Bullard anali atabwerera ku Cambridge, ndipo anadzakhala mkulu wa dipatimenti ija imene anayambira ntchito. Mu 1962 a Harry Hess a ku America analemba kuti pansi pa nyanja pamabadwa patsopano pa mitandadza ija, n'kumasunthira mbali zonse ziwiri. Chaka chomwecho a Drummond Matthews a mu dipatimenti ya a Bullard anakayeza maginito pa mtandadza wa Carlsberg mu nyanja ya Indian, ali pa sitima yotchedwa HMS Owen. Wophunzira wawo Fred Vine, mnyamata wa zaka 24, ndiye anasanthula manambalawo. Mu September 1963 awiriwa anafotokoza kuti ngati a Hess akunena zoona, ndiye pansi pa nyanja payenera kukhala mizeremizere ya maginito, wina woloza kumpoto, wina kum'mwera, yofanana mbali zonse ziwiri za mtandadza ngati mizere ya mbidzi yoonekera pa galasi. Katswiri wa ku Canada, a Lawrence Morley, anaganizanso zomwezo payekha, koma magazini a sayansi anakana kusindikiza kalata yawo. Pofika 1966 miyeso ya m'nyanja za Pacific ndi Atlantic inaonetsa mizereyo ikufanana mbali zonse ziwiri, ndendende.

Kulumikiza Africa ndi South America

Mwana aliyense akayang'ana mapu amaona kuti chigongono cha Brazil chikhoza kulowa bwinobwino m'khwapa mwa Africa. Otsutsa ankati zangochitika, komanso ankati zikaikidwa pamodzi sizikwanirana kwenikweni. A Bullard anafuna kuti nkhaniyi ithe ndi masamu, osati ndi mkangano. Iwo ndi anyamata awiri, Jim Everett ndi Alan Smith, anagwiritsa ntchito kompyuta ya pa Cambridge. Anachita zinthu ziwiri zanzeru. Choyamba, sanatenge gombe limene timaliona pa mapu, chifukwa gombe limasintha madzi akakwera kapena kutsika. Anatenga m'mphepete mwenimweni mwa kontinenti, pansi pa madzi, pakuya pafupifupi mamita 900. Chachiwiri, popeza dziko ndi lobulungira ngati mpira, anagwiritsa ntchito lamulo lakale la masamu la a Leonhard Euler, lonena kuti chibenthu chilichonse choyenda pa mpira chimakhala chikuzungulira pa msomali wina wake.

Mapu amene anatuluka anaonetsedwa pa msonkhano wa Royal Society mu 1964 n'kusindikizidwa mu 1965. Africa, South America, North America, Greenland ndi Europe zinalumikizana modabwitsa. Malo ochepa amene zinasanjikizana anali ndi chifukwa chomveka, monga pamene mtsinje wa Niger wakhala ukuthira matope m'nyanja makontinentiwo atasiyana kale. Mapu amenewa mpaka lero amatchedwa ndi dzina la a Bullard ndipo amapezeka m'mabuku ambiri a sukulu. Mu 1967 wophunzira wawo wina, Dan McKenzie, pamodzi ndi Robert Parker, anagwiritsa ntchito lamulo lomwe lija la a Euler pofotokoza kayendedwe ka chibenthu cha Pacific. Apa m'pamene plate tectonics imene timaphunzira inakhazikika. Mu 1968 sitima yoboola pansi pa nyanja, Glomar Challenger, inayamba ntchito, ndipo inatsimikiza kuti ukamatalikira mtandadza wa pakati pa Atlantic, miyala ya pansi imanka ikulirakulira zaka.

Nanga kwathu kuno?

Tsopano tibwere ku Rumphi. Mukakwera galimoto kutsika chikweza cha Chiweta kupita ku nyanja, mumakhala mukutsikira m'mng'alu umene ukung'amba Africa. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 pamalo pozama kwambiri, pamene pamwamba pa madzi ake pali pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere. Werengerani nokha: pansi pa nyanja yathu ndi potsika kuposa gombe la ku Beira. Chonsecho pafupi pomwepa Nyika yakwera kupyola mamita 2,500. Mbali ina yakwera, ina yatitimira.

Mbali yathu ino ili pa chibenthu cha Nubia, tsidya linalo lili pa kachibenthu kotchedwa Rovuma, ndipo ziwirizi zikutalikirana ndi mamilimita ochepa pa chaka. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi madzi amene amalowa pansi kudzera m'ming'alu, n'kukatenthedwa, n'kubwereranso kumtunda. Ndi kutentha komwe kuja a Bullard ankayeza. Malasha a ku Mchenga ali m'gulu la miyala yotchedwa Karoo, ndipo miyala yonga yomweyo, ya malasha a nthawi yofanana, imapezekanso ku South Africa, India ndi Brazil, chifukwa maiko amenewa kale anali chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana.

Nkhaniyi ili ndi mbali yowawa. Mamilimita aja samayenda mosalala. Miyala imagwirana kwa zaka zambiri, kenako n'kuphonyoka kamodzi, ndiye chivomerezi chimenecho. Pa 10 March 1989 chivomerezi chinagwedeza Salima n'kupha anthu. Mu December 2009 zivomerezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambirimbiri ku Karonga, anthu anayi anamwalira, ndipo mabanja ochuluka anagona panja nthawi ya mvula. Ambiri a ife tinali ana, koma makolo athu akukumbukira. Si matsenga, si tsoka la mudzi wakutiwakuti. Tikukhala m'mbali mwa chigwa chimene chidakatseguka. Ndiye inu amene mwagulitsa fodya kapena soya n'kuyamba kuumba njerwa, musaumire pa maziko, pa simenti ya m'makona ndi pa lamba wa konkire womanga khoma lonse pamwamba pa mazenera. Nyumba zambiri zimagwa chifukwa makoma ake sanagwirane.

Njira za a Bullard zikugwirabe ntchito m'dziko muno. Mukukumbukira Kauniuni, ndege zija zinkauluka motsika m'zaka za 2013 ndi 2014? Zina mwa zimene zinkayeza ndi maginito a miyala ndi mphamvu yokoka, pofuna kudziwa zimene zili pansi pa nthaka yathu. Mu 2015 akatswiri a pulojekiti ya SEGMeNT, mogwirizana ndi a Geological Survey Department amene likulu lawo lili ku Zomba, anamiza zida zomvera kugwedezeka kwa nthaka pansi pa nyanja ya Malawi, chakumpoto kuno. Zimene kale zinkachitika m'nyanja zamchere, zafika pa nyanja yathu.

Masiku otsiriza

Mu 1968 a Bullard analandira mphoto ya Vetlesen, imodzi mwa mphoto zazikulu kwambiri pa sayansi ya dziko lapansi. Anapuma ntchito ku Cambridge mu 1974 n'kusamukira ku La Jolla, ku California, kumene anapitiriza kulemba ndi kuphunzitsa. Anamwalira ndi matenda a khansa pa 3 April 1980 ali ndi zaka 72. Malo ochitira kafukufuku amene ankawatsogolera ku Cambridge tsopano amatchedwa Bullard Laboratories.

Chimene chandikoka pa mbiri yawo si mphotozo ayi. Ndi chakuti ali ndi zaka za m'ma 20 anati chigwa cha Rift Valley chikupanikizidwa, ndipo ali ndi zaka za m'ma 50, ali kale Sir komanso bwana, analola kuti manambala atsopano amutsutse. Anapatsanso mpata achinyamata a mu dipatimenti yawo, ena a msinkhu wosiyana pang'ono ndi wathu, kuti atulukire zimene akuluakulu anaphonya. Timati mawu a akulu akoma akagonera, n'zoona, koma mkulu weniweni amamvanso za ana akabwera ndi umboni.

Pa msonkhano wathu wotsatira tidzayesa tokha. Aliyense abwere ndi ulusi wotalika mita imodzi, kamwala kapena nati yomangirira kunsonga, ndi foni yokhala ndi wotchi. Tidzawerenga nthawi imene kamwalako katenge kupita ndi kubwera maulendo 20, kenako tidzawerengere mphamvu yokoka ya pa Bolero pano. Tikachita bwino tiyenera kupeza nambala yoyandikira 9.8, ija ya m'buku la Fizikisi. Amene muli ndi atlas yakale mubwere nayo, pamodzi ndi pepala lopyapyala ndi sizasi, tidzadule Africa ndi South America tione ngati zikulumikizana. A Fomu 3 ndi Fomu 4 musaphonye, ndipo muitane anzanu.